UTSI WA SITIMA ZA PANYANJA: MLANDU WA KU LONDON UKUKHUDZA MOATIZE NDI ZÓBUÈ

TETE — Pa 17 Outubro 2025, nthumwi za maiko zimene zinasonkhana mumzinda wa London zinabalalika osamanga mfundo pa lamulo limene likanakakamiza eni sitima zikuluzikulu za panyanja kulipira ndalama kaamba ka utsi umene sitimazo zimatulutsa. Maiko 57 anavota kuti nkhaniyi iyambe yaima kwa chaka chimodzi, maiko 49 anati ipitirire, ndipo maiko 21 sanaonetse mbali.

Mlimi wa ku Zóbuè kapena wantchito wa mumgodi ku Moatize angafunse kuti za sitima zikumukhudza bwanji iye, poti nyanja ya mchere ili kutali ndipo anthu ambiri m'midzi ya kuno sanaionepo ndi maso. Yankho lake lili pa njanji ndi pamsewu. Malasha amene amakumbidwa ku Moatize amakathera m'sitima ya pamadzi ku Nacala kapena ku Beira. Feteleza, dizilo, petulo, tirigu, mafuta ophikira ndi zovala za kaunjika zimene zimadutsa pa chipata cha Zóbuè, zambiri mwa izo zinatsika m'sitima padoko la Beira. Mtengo wa ulendo wa panyanja ukasintha, amaumva ndi amene ali kumapeto kwa njira.

Palinso mbali ina. Anthu a m'boma la Moatize anayamba kale kulipira mtengo wa utsi umenewu kudzera m'milatho yoduka, minda yokokoloka ndi chimanga chouma chisanabereke. Choncho funso loti kulipira kapena kusalipira linapita kale. Limene latsala ndi ili: ndalama zimene eni sitima adzapereke zidzagwira ntchito kuti, ndipo wa ku Moatize adzaonapo kanthu kodi?

UTSI WOPANDA MWINI

Katundu woposa magawo 80 pa 100 alionse amene maiko amagulitsana amayenda panyanja. Sitima zambiri zonyamula katunduyu zimaotcha mafuta akuda, olemera ndi onata ngati phula, amene amatsalira akamayenga petulo ndi dizilo. Tani imodzi ya mafutawa ikapsa, imasakanikirana ndi mpweya wa mumlengalenga n'kutulutsa matani oposa 3 a mpweya wa kaboni. Mpweya umenewu ukachuluka kumwamba umakhala ngati bulangete lofunditsa dziko: kutentha kwa dzuwa kumalowa bwino, koma kumavutika kutuluka. Nyanja ikatentha, anamondwe amabwera ndi mvula yochuluka, ndipo nyengo ya dzinja imasokonekera.

Kafukufuku amene anatuluka m'chaka cha 2020 anapeza kuti mu 2018 sitima za pamadzi zinatulutsa matani oposa 1 biliyoni a mpweya wotenthetsa dziko, amene ndi pafupifupi magawo 3 pa 100 a mpweya wonse wotere umene anthu amatulutsa.

Chovuta n'chakuti utsiwu ulibe mwini wodziwika. Sitima imodzi itha kukhala ya kampani ya ku Greece, yolembetsedwa ku Liberia kapena ku Panama, yoyendetsedwa ndi antchito a ku Philippines, yonyamula malasha a ku Moatize kupita nawo ku India. Nanga utsi wake aulembere dziko liti? Pa pangano la za nyengo la ku Paris la 2015, dziko lililonse limawerengera utsi wa m'malire mwake, ndipo wa sitima zoyenda pakati pa maiko unatsala m'manja mwa bungwe la IMO, limene pa Chipwitikizi amati OMI. Bungweli ndi nthambi ya Nações Unidas yoona za maulendo a panyanja, likulu lake lili ku London, ndipo Moçambique ndi Malawi onse ndi mamembala ake. Mlembi wamkulu wake kuyambira mu 2024 ndi Arsenio Dominguez wa ku Panama.

MALAMULO ANABWERA PANG'ONOPANG'ONO

Nkhani ya utsi wa sitima si yachilendo ku IMO. M'chaka cha 1997 maiko anaonjezera gawo la za mpweya m'pangano la MARPOL, loletsa sitima kuipitsa nyanja, ndipo gawolo linayamba kugwira ntchito mu 2005. Kuyambira 2013, sitima zatsopano zinayenera kupangidwa mosadya mafuta ambiri. Mu Janeiro 2020, sulufule wololedwa m'mafuta a sitima anatsitsidwa kuchoka pa magawo 3,5 kufika pa 0,5 pa 100, pofuna kuteteza mapapo a anthu okhala m'madoko. Kuyambira 2023, sitima iliyonse yaikulu imapatsidwa chilembo chaka ndi chaka, kuyambira A mpaka E, monga malikisi a kusukulu, ndipo yopeza E, kapena D zaka zitatu zotsatizana, imayenera kuonetsa m'mene idzakonzere zinthu.

Mu 2018 maiko anagwirizana kuti pofika 2050 utsi wa sitima udzatsike ndi theka poyerekeza ndi wa 2008. Mu Julho 2023 anaona kuti theka silikwanira, nalonjeza kuti utsiwo udzatsike ndi magawo osachepera 20 pa 100 pofika 2030, magawo osachepera 70 pa 100 pofika 2040, ndipo cha m'ma 2050 sitima zisadzaonjezerenso mpweya wotenthetsa dziko. Lonjezo linamveka bwino, koma linalibe mano. Mano ake ndiwo anakapangidwa mu Abril 2025.

MFUNDO YA ABRIL 2025

Pa 11 Abril 2025, maiko 63 anavomereza kalembedwe ka lamulo latsopano ndipo 16 anakana. Lamuloli linali lokhudza sitima zoposa matani 5000, zimene zimatulutsa magawo 85 pa 100 a mpweya wa kaboni wa sitima zoyenda pakati pa maiko. Mabwato a asodzi ndi timasitima ta m'nyanja ya Niassa kapena pa damu la Cahora Bassa sizinali m'gululi.

Kagwiridwe kake kakufanana ndi sikelo ya pamsewu imene madalaivala a malole amaidziwa bwino: wolemera mopitirira muyeso amalipira pa zimene wapitirizazo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano miyeso ilipo iwiri. Muyeso woyamba, wopepuka, unati m'chaka cha 2028 mafuta a sitima akhale oyera ndi magawo 4 pa 100 poyerekeza ndi a 2008. Wolephera pamenepa alipire madola 380 a ku America pa tani iliyonse ya mpweya wopitirira. Muyeso wachiwiri, wolimba, unali wa magawo 17 pa 100; amene wakwanitsa woyamba koma walephera wachiwiri alipire madola 100 pa tani. Amene waposa miyeso yonse iwiri apatsidwe mapepala oti atha kugulitsa kwa anzake olephera. Miyesoyi inayenera kumalimba chaka ndi chaka mpaka kufika pa magawo 30 ndi 43 mu 2035.

Ndalama zonse zolipiridwazo zinayenera kulowa m'thumba limodzi loyang'aniridwa ndi IMO, ndipo akatswiri ena anawerengera kuti zikanamaposa madola 10 biliyoni pa chaka. Kakanakhala koyamba kuti maiko onse aike mtengo umodzi pa utsi wa ntchito imodzi pa dziko lonse lapansi.

Si onse anakondwa nacho. Maiko a zilumba za m'nyanja ya Pacific, monga Marshall Islands ndi Tuvalu, amene nthaka yawo ikumira pang'onopang'ono, anafuna msonkho pa tani iliyonse ya utsi, osati pa wopitirira wokha, ndipo angapo mwa iwo sanavote poona kuti lamulo lafooka. China ndi Brasil, amene amagulitsa katundu wambiri kumaiko akutali, anakana msonkho wa pa tani iliyonse. Saudi Arabia, Russia ndi maiko ena ogulitsa mafuta anakana lamulo lonse.

Pofika Outubro, pamene maiko anayenera kungotsimikiza zimene anagwirizana, boma la America la pulezidenti Donald Trump linati lamuloli ndi msonkho wobera anthu ake, ndipo linaopseza maiko olivomereza kuti lidzawakwezera misonkho ya katundu, kulipiritsa sitima zawo m'madoko ake ndi kumana nthumwi zawo ziphaso zolowera ku America. Saudi Arabia inapempha kuti nkhani iime, ndipo mavoti anaigwirizana nayo. Zaka za 2027 ndi 2028, zimene zinaikidwa kuti lamulo liyambe kugwira ntchito ndi kuti miyeso iyambe kutsatidwa, zinasokonekera pomwepo.

MALASHA NDI MTENGO WA ULENDO

Mbiri ya malasha a ku Moatize ndi mbiri ya mayendedwe. Njanji ya Sena inafika ku Moatize mu 1949. Pamene nkhondo inaitseka m'zaka za m'ma 1980, migodi inazirala, ngakhale malasha anali akadali pansi. Kampani ya Vale ya ku Brasil inapatsidwa malo mu 2004 niyamba kutumiza malasha kunja mu 2011 kudzera ku Beira, ulendo wa makilomita 575. Njanjiyo itachepa, inamangidwa ina ya makilomita 912, yodutsa m'Malawi kudzera ku Mwanza, Neno, Nkaya ndi Liwonde, kubwereranso m'Moçambique pa Entre Lagos mpaka ku doko la Nacala-a-Velha, imene inatsegulidwa mwamwambo mu 2017.

Kampani ya Rio Tinto inaphunzira movutikira kuti malasha opanda njira ndi miyala chabe. Mu 2011 inalipira pafupifupi madola 4 biliyoni pogula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa Benga, poganiza zotsitsa malasha pa mtsinje wa Zambeze. Boma litakana njira ya pamtsinjeyo, kampaniyo inagulitsa zonse mu 2014 kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha.

Malasha ndi katundu wolemera koma wa mtengo wotsika pa tani, choncho ndalama ya ulendo imatenga gawo lalikulu la mtengo wake. Foni ya m'manja siingamve kukwera kwa mafuta a sitima, koma tani ya malasha imamva. N'chifukwa chake antchito a m'migodi ali ndi chifukwa chotchera khutu.

Komabe mantha oti lamuloli lidzatseka migodi alibe maziko olimba. Wogula wamkulu wa malasha a ku Moatize ndi India, ndipo ulendo wochokera ku Nacala kupita ku madoko a India ndi waufupi poyerekeza ndi wochokera ku madoko a malasha a kum'mawa kwa Australia kapena a ku America. Lamulo limene limalanga wootcha mafuta ambiri limapweteka koposa amene ali kutali ndi msika. Komanso gawo lina la malasha a kuno ndi losungunulira chitsulo, ndipo India akumangabe mafakitale a chitsulo.

Chimene chiyenera kudetsa nkhawa ndi komwe mphepo ikulowera. Mu Janeiro 2021, Vale inalengeza kuti ikutuluka m'malonda a malasha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene inapereka n'chakuti ikufuna kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Mu Dezembro chaka chomwecho inagwirizana zogulitsa mgodi ndi njanji kwa Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni, ndipo kugulitsako kunatha mu Abril 2022. Lamulo la sitima ndi chizindikiro chimodzi mwa zambiri choti masiku a malasha akuwerengeka, ngakhale sadzatha mawa.

Anthu adziwenso zimene lamuloli silinena. Limawerengera utsi wotuluka mu injini ya sitima basi. Silikhudza malasha amene sitimayo yanyamula, amene tani iliyonse ikakapsa ku India imatulutsa matani oposa 2 a mpweya wa kaboni. Silikhudzanso fumbi lakuda limene anthu a m'tauni ya Moatize akhala akulidandaula kwa zaka zambiri, limene limagwera pa ufa woyanika, m'madzi ndi pa zovala. Mlandu wa fumbi ndi wa Boma, makhoti ndi eni migodi konkuno.

THUMBA LA FETELEZA PA ZÓBUÈ

Pa chipata cha Zóbuè, moyang'anizana ndi Mwanza, pamadutsa gawo lalikulu la katundu wa Malawi. Malole ochokera ku Beira amaoloka Zambeze pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, kudutsa Moatize n'kukwera mapiri kulowera kumalire. Pobwerera amanyamula fodya, tiyi, shuga ndi nandolo. Amayi ogulitsa zakudya, anyamata osintha meticais ndi makwacha, eni nyumba zogona alendo ndi alimi a mbatata, tomato ndi kabichi, onsewa amadya chifukwa cha mzere wa malolewo.

Anthu a pamalire anaona kale m'mene zochitika kutali zimafikira pamsika. Mu 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, mtengo wonyamulira makontena unakwera kangapo. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza feteleza ndi tirigu, ndipo alimi ambiri anathira feteleza wochepa kapena sanathire n'komwe. Palibe wokana kuti eni sitima akalipira msonkho wa utsi adzauika pa mtengo wa ulendo, wogula ku Beira adzauika pa thumba, ndipo womaliza kulipira adzakhala mlimi.

Funso ndi loti kukwerako kudzakhala kwakukulu motani. Bungwe la UNCTAD, loona za malonda ku Nações Unidas, linafufuza nkhaniyi mu 2024 ndipo linapeza kuti pa dziko lonse mitengo ya zinthu idzakwera pang'ono chabe, koma maiko osauka ndi a zilumba ndiwo adzamve kuwawa koposa anzawo. Pa thumba la feteleza lofika ku Zóbuè, ulendo wa panyanja ndi gawo limodzi lokha la mtengo. Palinso ndalama za padoko, masiku amene katundu amachedwa, ulendo wa pamsewu wa makilomita oposa 600, misonkho ya m'njira, mphamvu ya metical ndi kwacha poyerekeza ndi dola, ndiponso phindu la wamalonda. Kawirikawiri ulendo wa pamtunda wolowera mkati mwa Africa umadula kuposa wa panyanja. Tsono wamalonda amene adzakweze thumba ndi theka n'kunena kuti ndi chifukwa cha lamulo la ku London adzakhala akunama, ndipo alimi ayenera kudzamufunsa bwino.

Chinanso, kuima kwa lamulo la IMO sikunachotse msonkho wa utsi panyanja. Kuyambira Janeiro 2024, maiko a União Europeia amalipiritsa sitima zikuluzikulu zofika m'madoko awo, kuphatikizapo theka la utsi wa ulendo wochokera kumaiko ena. Fodya wa ku Angónia, Macanga ndi Malawi wopita ku Ulaya amayenda m'sitima zolipira msonkho umenewu, ndipo ndalama zake zimatsala ku Ulaya konko. Apa ndiye pagona nkhani: pakasowa lamulo limodzi la maiko onse, maiko olemera amaika misonkho yawoyawo n'kudya okha, pamene osauka amalipira popanda mpando pa bwalo logawira.

NGONGOLE IMENE REVÚBUÈ IKULIPIRITSA

Amene amati kuimitsa lamulo kunapulumutsa osauka aiwala zimene chigawo cha Tete chaona m'zaka zochepa zapitazi. Mu Março 2019, mvula yotsogolera namondwe Idai inasefukitsa mtsinje wa Revúbuè, ndipo patapita masiku ochepa namondweyo anagumula mzinda wa Beira ndi kupha anthu oposa 600 m'dziko muno. Doko ndi msewu wotuluka ku Beira zitaima, malole a pa Zóbuè anaima nawo.

Mu Janeiro 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo administrador wa boma la Tete, José Maria Mandere, anafa galimoto yake itakokoloka ndi madzi ali pa ulendo wokaona za chigumulacho. Ku Malawi namondwe yemweyo anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Gulu la asayansi la World Weather Attribution linapeza kuti kutentha kwa dziko kunachititsa kuti mvula ya namondweyo ikule. Mu Março 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1000 atafa kapena kusowa kummwera kwa Malawi, kwawo kwa abale ambiri a anthu a pamalire. Chaka chotsatira kunabwera chilala cha El Niño chimene chinaumitsa minda ku Tete, ndipo Malawi analengeza za ngozi ya njala m'maboma 23 mwa 28.

Si sitima zokha zinachititsa zonsezi, poti utsi wochuluka umachokera ku mafakitale, malo opangira magetsi ndi magalimoto a maiko olemera. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha woposa wa anthu 30 a ku Moçambique. Koma gawo la sitima ndi limodzi mwa magawo ochepa amene maiko onse angathe kuwamanga ndi lamulo limodzi. Chaka chilichonse chochedwa, sitima zatsopano zootcha mafuta akuda zimalowa m'madzi, ndipo sitima imagwira ntchito zaka 25 kapena kupitirira.

NDALAMA ZIDZAPITA KUTI?

Malinga ndi zimene zinalembedwa mu Abril 2025, thumba la IMO linayenera kupereka mphotho kwa sitima zogwiritsa ntchito mafuta oyera, kuthandiza kafukufuku, maphunziro ndi kukonza madoko m'maiko osauka, ndi kuchepetsa mavuto amene lamulo lingabweretse kumaikowo, kuphatikizapo kukwera kwa mtengo wa chakudya. Koma kuti mbali iliyonse idzalandira zingati sikunalembedwe, ndipo ndalamazo zinamangiriridwa ku ntchito zokhudza kusintha kwa mafuta a sitima. Eni sitima za mafuta oyera ambiri ndi makampani a ku Ulaya ndi Asia. Ngati maiko a mu Africa sakalankhula, gawo lalikulu lidzabwerera kwa olemera omwewo, ndipo mlatho wa pa Revúbuè sudzaonapo ngakhale metical imodzi.

Anthu a ku Moatize amadziwa bwino ulendo wa ndalama zolonjezedwa patali. Mabanja oposa 1300 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, kuti mgodi ukumbidwe, ndipo mu Janeiro 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika, minda yosabereka ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Kuyambira 2013, Boma limapatula magawo 2,75 pa 100 a msonkho wa zokumbidwa kuti apite kumadera kumene kuli migodi, koma mafunso a m'mene ndalamazo zimasankhidwira ntchito sanathe. Phunziro lake ndi lomveka: gawo limene silinalembedwe ndi nambala, ndi dzina la woyang'anira, silifika kumudzi.

MAGETSI A CAHORA BASSA NDI MAFUTA A MAWA

Eni sitima ali ndi njira zingapo zochepetsera utsi. Yapafupi ndi kuchepetsa liwiro: sitima ikatsitsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 10, imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mafuta a ulendo wonse. Ena abwerera ku mphepo, monga sitima ya Pyxis Ocean imene inaikidwa matanga olimba aatali mu 2023. Chaka chomwecho kampani ya Maersk inayamba kuyendetsa sitima yake yoyamba ya makontena yoyendera metanol. Ena akuyang'ana gasi, amene Moçambique anayamba kugulitsa kunja mu Novembro 2022 kuchokera ku Coral Sul, kunyanja ya Cabo Delgado, ngakhale gasi akamadontha osapsa amatenthetsa dziko kuposa kaboni.

Mafuta amene akatswiri ambiri akuwayembekezera pa maulendo aatali ndi amoniya wopangidwa ndi madzi, mpweya ndi magetsi oyera. Apa chigawo cha Tete chili ndi chonena. Damu la Cahora Bassa lili ndi mphamvu ya megawati 2075, ndipo pali pulani ya damu la Mphanda Nkuwa la megawati 1500 kumunsi kwake. Amoniya yemweyo ndiye muzu wa feteleza wa ureya amene alimi amathira m'chimanga. Dziko limene lingapange amoniya ndi magetsi a Zambeze lingagulitse mafuta kwa sitima zodutsa pa Nacala ndi Beira, n'kupangiranso alimi ake feteleza pafupi. Koma walira mvula walira matope: ngati sitima ziyamba kulimbirana amoniya ndi alimi mafakitale asanachuluke, feteleza atha kukwera. Ndipo damu latsopano limasamutsanso anthu, monga unachitira mgodi. Midzi yambiri ya m'chigawo chomwe chimatumiza magetsi ku South Africa ikuunikirabe ndi tochi.

ZOYENERA KUFUNSA

Akuluakulu amati mlandu suola. Kaya lamulo la IMO lidzatsimikizidwa monga linalembedwera mu Abril 2025, kaya lidzasinthidwa, lonjezo la 2023 linasainidwa, msonkho wa ku Ulaya ukutoleredwa, ndipo anamondwe sadikira mavoti. Mafumu, magulu a alimi, mabungwe a antchito a m'migodi ndi aphungu a chigawo cha Tete ku Assembleia da República ali ndi mafunso atatu oyenera kupereka ku Boma.

Loyamba: nthumwi za Moçambique ku London zimaima pati, ndipo zikuyenda limodzi ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amene katundu wawo amadutsa m'madoko a dziko lino, pofuna kuti gawo la maiko osauka lilembedwe ndi nambala?

Lachiwiri: ndi chiyani chikuchitika kuti mtengo wa pamtunda utsike? Kuchedwa kwa padoko ndi pa chipata, maenje a mumsewu ndi katundu wolemera woyenda pa lole pamene njanji ilipo, zonsezi zili m'manja mwa maboma a kuno, ndipo zitakonzedwa zingabweze zambiri kuposa zimene msonkho wa utsi ungatenge pa thumba la feteleza.

Lachitatu: ana amene akuphunzira lero ku Moatize adzagwira ntchito yanji migodi ikadzayamba kuchepa? Ndalama za malasha zikadalipo, ino ndiyo nthawi yoziika m'ulimi wothirira, m'sukulu za ntchito zamanja ndi m'milatho yopirira madzi.

Pa gule fumbi ndiwe mwini. Marshall Islands ndi dziko la anthu ochepa kuposa a m'boma la Moatize, koma linakakamiza maiko akuluakulu kukambirana za msonkho wa utsi chifukwa silinatope kulankhula. Moçambique ali ndi madoko atatu akuluakulu, njanji zotumikira maiko oyandikana nawo, magetsi a Zambeze ndi manda a anthu ophedwa ndi Idai, Ana ndi Freddy. Dziko lokhala ndi zonsezi likakhala chete pa bwalo logawira, lidzalipira kawiri, kwa namondwe ndi kwa wamalonda, osalandirapo kanthu.